Ukamuuze za Mapiritsi

Madzimoyo,
Fort Jameson.

Esnati, mwana wanga,

Ine sindinapengepo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa amalume ako a Gidiyoni akhala akuuza aliyense wofuna kumva, ku tchalitchi ndi ku chigayo komwe, kuti atate ako anabwerako ku yunivesite mutu utazungulira ndi mabuku, ndipo kuti tsopano nthenda ija yatsikira kwa mwana. Munthu amene buku lalikulu lomwe anatsegulapo ndi la nyimbo, nalonso amangoligwira poimba za pamtima, ndiye wasanduka katswiri wa zimene mabuku amachita m'mutu mwa munthu. Mabuku sanandilakwire kanthu. Chinandibweza ine ndi kabotolo kofiirira konga kako komweko, ndi pakamwa panga pamene panatsekeka nthawi yoyenera kutseguka.

Mawa ukwera basi ya ku Lusaka, kenaka sitima ya ku Halale. Ndikanakuuza izi pamaso, koma masiku ano sukhala pansi. Ndikangoyamba kulankhula, iwe waimirira kale, ukupukuta tebulo lopukuta kale. Kalata ilibe vuto limenelo. Udzaiwerengera m'basi, momwe mulibe kothawira kufikira pa mlatho wa Luangwa.

Ukudziwa mmene zinthu zilili. A mishoni avomera kukutumiza ku koleji, koma atamva kuti unakomoka ndi mantha pa mayeso otsiriza, anaika lamulo loti uzikaonana ndi dokotala wa maganizo, uja wochiza ndi kucheza, ndipo iyeyo ndiye adzanene ngati ukhale kapena ubwerere. Malo ako ali m'kamwa mwa munthu ameneyo. Tsono Lamulungu lapitali ndinawamva amalume ako pakhonde, akuyesa kunong'ona ndi mawu awo aja oitanira ng'ombe: "Esi, za mapiritsi akowo usakatchule. Azungu akamva kuti umamwa mankhwala tsiku ndi tsiku adzati ndiwe wodwala, akubweza ndi sitima yomweyo." Iwe unavomera ndi mutu. Ndinakuona pawindo. Ine ndikuti, tsiku loyamba lomwe, asanakufunse n'komwe dzina la mudzi wako, ukaike botololo patebulo pake. Ukamuuze za mapiritsi.

Chithokomiro, chotupa cha pakhosi chija, unatengera kwa ine, chimenecho sindikana. Changa anachidula ndili mphunzitsi ku Tamanda. Atachidula ndinasanduka munthu wina: kuzizidwa ngakhale mu Okutobala, nkhope kutupa, tulo masana ana akuimba sipelo, maganizo kuyenda ngati ngolo ya ng'ombe m'matope a ku Kasenengwa. Dokotala amene anandidulayo anandifotokozera monga anakufotokozera wako atadula chako, kuti kachiwalo ka pakhosi kaja kamathira m'magazi timadzi tina, iwo amati mahomoni, tosonkhezera moto wa thupi, ndipo akakadula motowo umazilala. Anandipatsa mapiritsi opangidwa kuchokera ku kachiwalo komweko ka nyama, limodzi m'mawa uliwonse. Ndinadzuka. Ndinawerenga, ndinalemba mayeso, ndinapeza malo ku yunivesite ya kumwera, kumene munthu wa kuno sankalotako n'komwe. Iwe unali kumsana kwa amayi ako.

Tsiku lonyamuka, agogo ako aamuna, mlaliki uja ankaphwanya nsupa za anthu pamaso pa mpingo, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Yesaya, mankhwala saulula. Ukauza sing'anga wina zimene anakupatsa mnzake, amasukuluka." Ine ndinati, "Atate, awa ndi achizungu." Iwo anati, "Achizungu, achikuda, mankhwala ndi mankhwala. Wamva?" Ndinaseka njira yonse mpaka ku Boma. Munthu wopita ku yunivesite angamvere zotere? Koma mawu oseka nawonso amalowa m'sutikesi, Esnati. Amakhala pansi pa malaya, n'kudzatuluka tsiku lawo. Mawu a amalume ako aja uwatulutse usanatsike basi.

Kumwera kuja ndinapeza anyamata a m'matauni amene anayamba Chilatini akadali ndi mamina, ine ndili bambo wa mwana, mphunzitsi wa kumudzi wovala jekete ya mlamu wake. Sankandiposa nzeru, ndipo mpaka lero ndikunena choncho. Ankandiposa nthawi. Ndiye tsiku lina ndinachita masamu a munthu wochenjera: ngati piritsi limodzi linandichotsa ku tulo n'kundifikitsa kuno, awiri adzandifikitsa kuti? Ndinayamba kumwa awiri. Ndipo ndisakunamize, poyamba zinayenda. Tulo tinachepa, mutu unapepuka, ndinkamaliza buku anzanga akadali pa mutu woyamba. Ndinkayenda pabwalo ngati mwini malo. Ndicho choipa cha mankhwala amenewa: sakulanga tsiku lomwelo. Amayamba akusangalatsa, n'kudzakugwira patapita masabata, utaiwala kale kuti unasintha kanthu.

Atandigwira, anayambira pamtima. Unkagunda ngati wa nkhuku yogwidwa miyendo, ndili chikhalire pampando. Thukuta m'nyengo yozizira. Manja kunjenjemera mpaka cholembera kuboola pepala. Ndinkadya ngati anthu awiri koma lamba ndinkaboola mabowo atsopano. Pamwamba pa zonsezo panabwera mantha opanda mwini. Ukaopa njoka, njokayo umaiona. Awa analibe nkhope. Wina akagogoda pachitseko, ndinkadziwa kuti abwera ndi uthenga wa maliro ako. Anthu akaseka kumbuyo kwanga, ndinkadziwa kuti akuseka jekete. Ndinatsutsana ndi mphunzitsi wa mbiri yakale m'kalasi mpaka anzanga onse anatuluka mmodzimmodzi. Pa mfundoyo wolondola ndinali ine, ndipo anadzavomera pambuyo pake. Koma munthu wolondola safuula mpaka kugwetsa botolo la inki. Linagwa, Esnati. Sindinaponye, monga amanenera amalume ako, amene panthawiyo anali kuno akuweta mbuzi.

Inkiyo ndiyo inanditumiza kwa dokotala wa maganizo. Ine ndinkamutcha dokotala wa mafunso. Anali mzungu wofatsa, wa kaliwo kosazima, ndipo sabata iliyonse ankandikhazika pampando wofewa n'kumandifunsa. Amayi anu anakuletsani kuyamwa liti? Mumalota chiyani? Kwanu mumaopa afiti? Ndinkamuyankha mothamanga, nkhani zitatu nthawi imodzi, kuimirira, kukhala, kuimiriranso. Iye ankangogwedeza mutu. Chipsera cha pakhosi sanachione, chifukwa ndinkachibisa ndi kolala youma ndi tayi, monga iwe ubisira chako ndi kampango kaja ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndipo tsiku lina, akugogoda kaliwo kake, anafunsa mongodutsa, "Bambo Zulu, pali mankhwala ena amene mukumwa?"

Ndinati, "Ayi."

Liwu limodzi limenelo ndilo ndakhala ndikudya zaka zonsezi pa shedi ya fodya, kulemba mayina a alimi amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndine kulemba. Ukandifunsa chifukwa chake, ndikuuza ziwiri. Choyamba, agogo ako analankhula m'kamwa mwanga, ine amene ndinawaseka. Ndinamva kamantha koti ndikatchula, mphamvu ija ichoka, ndibwerera ku tulo ta ku Tamanda. Chachiwiri n'changa ndekha. Sindinafune kuti mzungu uja aganize kuti nzeru za Yesaya Zulu zimachokera m'botolo. Ndinasankha kuti andiyese wodwala mutu kusiyana n'kuti andiyese wobwereka nzeru. Iye naye ali ndi mlandu wake, ndipo sindinamukhululukire: miyezi yonse ija sanandigwirepo dzanja kuti amve mmene magazi akuthamangira. Mwana wa sukulu ya unamwino akanatero. Koma funso anafunsa, ndipo ine ndinayankha bodza. Iwe akakufunsa, ngakhale mongodutsa, ukamuuze za mapiritsi.

Taona tsono chimene chimachitika ukabisira munthu wotere. Iye ntchito yake ndi kumanga nyumba ndi zimene wamupatsa. Ukamupatsa njerwa zolakwika, amangabe, ndipo amanga mwaluso. Kulankhula kwanga kothamanga anati ndikuthawa chinachake cha paubwana. Kusagona anati ndi chikumbumtima chosiya mkazi ndi mwana. Kunjenjemera anati ndi mkwiyo wobisika pa azungu. Potsiriza anandiuza mofatsa, ngati akundipatsa mphatso, kuti mutu wa munthu wokulira kumudzi ukasenzetsedwa maphunziro ochuluka mwadzidzidzi umatopa, ndipo si chamanyazi. Ndinaimirira n'kumuuza zimene ndinkaganiza za iye, za kaliwo kake, ndi za agogo ake. Iye anangoti, "Mwaona, Bambo Zulu? Ndi zimenezi ndikunena." Chilichonse chimene botolo linkachita m'thupi mwanga, iye ankachiwerenga ngati khalidwe langa, ndipo ndikakana, kukanako kunkasanduka umboni.

Kulakwa kwachiwiri kunaposa koyamba, ndipo ndikufuna uwerenge ndime ino kawiri. Nditayamba kukayikira ndekha kuti mwina ndi mapiritsi, sindinapite kwa dokotala aliyense. Munthu wonyada safunsa njira. Ndinatenga botolo lonse n'kukhuthulira m'chimbudzi. Masabata oyamba mtima unakhazikika, manja analeka kunjenjemera, ndinayamba kugona. Dokotala wa mafunso anasangalala. Anati, "Mwayamba kupeza bwino. Kucheza kwathu kwagwira ntchito." Ine ndinakhala pampando wake uja osaimirira, osatsutsa, kumangoti inde, inde. Ankayesa kuti ndachira, pamene ndinali kumira. Kuzizidwa kuja kunabwerera, nkhope inatupa, mawu ankandithawa pakati pa chiganizo. Mantha anachoka, koma m'malo mwake munalowa chinthu cholemera, chosafuna kanthu, chosasamala ngakhale kalata ya amayi ako. Tsiku la mayeso aakulu ndinalemba dzina langa ndi mizere yochepa, ndinatsamira patebulo, ndipo anandidzutsa akutolera mapepala. Dokotala uja analangiza akuluakulu kuti ndipite kwathu ndikapume. Ndikupumabe mpaka lero.

Ndiye usawonjeze, ndipo usasiye. Ukawerenga kalata ino n'kuchita mantha, usakataye botolo pawindo la sitima. Moto wochuluka umapsereza, moto wozima nawo suphika. Woyenera kusonkhezera kapena kuphula nkhuni ndi dokotala wa thupi, pang'onopang'ono, akuyeza. Si iwe, si ine, ndipo si amalume ako.

Nditafika kuno, amayi ako ananditengera kwa dokotala amene anandidula uja, chifukwa ndekha sindikanapita. Anangondiyang'ana nkhope, n'kundigwira dzanja, n'kufunsa m'Chinyanja chake chopindika, "Yesaya, mapiritsi ali kuti?" Nditamufotokozera zonse anati, "Ndaona zitsiru zambiri, koma chophunzira chotere n'choyamba." Palibe munthu wina amene ananditchulapo chitsiru ine n'kungokhala chete. Anandibwezera pa limodzi m'mawa uliwonse, ndipo mvula isanathe ndinali munthu. Analembera ku yunivesite kuwafotokozera. Anayankha mwaulemu kuti malo anga anapatsa wina, ndiponso kuti mawu a dokotala wa maganizo sangafafanizidwe ndi dokotala wa kuthengo. Zindikira pamenepo, mwana wanga. Choonadi chikabwera mochedwa chimapeza chitseko chotseka. Chako chifike tsiku loyamba.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu, ndipo usakachibwereze pakhonde. Mapiritsi atakhala m'malo mwake, mantha ena anatsala. Ochepa, koma anga enieni: kuopa kusekedwa, kuopa kuti mwina anyamata a Chilatini aja ankanena zoona za ine. Amenewo sanachokere m'botolo. Ndinapita nawo kumwera, ndinabwera nawo, ndipo ndi amene amanola lilime langali limene nonse mumaliopa. Pa amenewo dokotala wa mafunso akanatha kundithandiza, ndikanapanda kumudzazira chipinda ndi utsi wa botolo mpaka osaona chimene chinali pakona. Choncho usakamunyoze wakoyo chifukwa cha wanga. Nawe uli ndi ako. Kuyambira uli wamng'ono umamva anthu akuti, "Mwana wa a Zulu uyu, tione ngati adzamalize." Umalowa m'chipinda cha mayeso utandisenza ine kumutu. Zimenezo ukamuuze, ndipo ukanditchule dzina ngati kuli kofunika. Sindidzafa nazo.

Koma dokotala wakoyo sangasiyanitse mantha ako ndi mantha a botolo ngati sadziwa kuti botolo lilipo. Ine ndinaphunzira kuwasiyanitsa mochedwa. Ako ali ndi nkhani yake: amabwera ukaganiza za mayeso, amachoka ukamaseka ndi anzako. A botolo alibe nkhani. Amadzuka nawe, amakutsata kumunda, amakugwira ngakhale ukusenda mtedza, ndipo amabwera ndi thukuta, njala, ndi manja onjenjemera. Ukamupemphe akugwire dzanja. Ukamupemphe alemberane ndi dokotala wa thupi, awiriwo adziwane, usakhale iwe mlatho wobisa wina kwa mnzake. Wa thupiyo akakusinthira muyeso wa mapiritsi, ukamuuze wa maganizoyo sabata yomweyo, chifukwa kusintha kwa khalidwe kumabwera mochedwa, ndipo akapanda kudziwa adzakuika pa chifukwa china. Ndipo kampango kaja ukavule polowa. Chipsera si mlandu.

M'hositelo ukapeze mnzako mmodzi, mmodzi yekha, wosakonda nkhani, umuuze kuti, "Ukaona ndayamba kulankhula ngati wailesi, kapena ndayamba kugona masana, undiuze." Ine ndinalibe wotero, chifukwa ndinkaona onse ngati opikisana nawo. Munthu sadziona yekha akamasintha. Ine pofuula paja ndinkadziona ngati ndikulankhula bwinobwino.

Mtima ukamathamanga, usagamule kanthu. Usayankhe mphunzitsi, usalembe kalata yosiya sukulu, usavomere mwamuna, usakane mwamuna. Dikira. Ndipo kumbuka kumene ukupita. Masiku ano a Chitaganya, ku Halale, mtsikana wachikuda wokweza mawu ali ndi madengu awiri omuikamo: la andale ndi la amisala. Onse awiri amatsikira pa siteshoni imodzi. Alipo kumeneko amene akudikira kuti anene za iwe zimene ananena za ine, kuti mitu yathu siinapangidwire zimenezi. Ukafuna kukangana nawo, ukakangane uli ndi mtima wako weniweni, osati wa m'botolo, ndipo ukapambane. Ine sindikuletsa kulusa. Ndikuletsa kuwapatsa umboni waulere.

Mwina ukuti, atate akundiuziranji zonsezi, ine ndimamwa monga anandiuzira. Ndi mmene unandiyankhira sabata yatha. Ndinakufunsa, "Esi, ukumwa angati?" Unati, "Limodzi, atate, monga ananenera adokotala." Unandiyang'ana m'maso mowongoka kwambiri, kuposa mmene mwana wolankhula zoona amayang'anira atate ake. Kapu inali kulira pa sosala m'dzanja lako. Amayi ako akuti ndi nkhawa ya ulendo. Akutero ngakhale unawakalipira chifukwa cha kolala ya bulauzi, iwe amene sunawakwezerepo mawu chibadwire, mpaka anakalowa kukhitchini n'kukhala nthawi yaitali osatuluka. Akuti waonda chifukwa chowerenga. Akuti umayendayenda m'nyumba chifukwa cha kutentha. Amayi ako ndi munthu wabwino, amakhulupirira anthu. Ine si munthu wabwino chotero, ndipo masamu aja a limodzi ndi awiri ndinawatulukira ndine iwe usanamere mano. Ndikudziwa mmene amakomera. Ndikudziwanso kuti unayamba kumwa awiri mayeso otsiriza akuyandikira, ndipo kukomoka kuja sikunali kwa mabuku.

Sindikukalipira. Ndikanafuna kukalipa ukanamva, ndipo a Gidiyoni akanamvera kwawo. Sindinakulande botolo, chifukwa wolandidwa amakapeza lina, ndipo chifukwa kusiya mwadzidzidzi ndakuuza kumene kumafikitsa. Sindinauze a mishoni, chifukwa akamva kwa ine udzakhala mwana wogwidwa, pamene akamva kwa iwe udzakhala munthu wodziwa thupi lake. Pa kusiyana kumeneko ndi pamene pagona malo ako. Ukafika, usanamasule n'komwe katundu, ukafunse kumene kuli dokotala. Ukamuuze za mapiritsi, ndipo ukamuuze nambala yeniyeni, osati imene unandiuza ine.

Ine ndinabwera ndi sutikesi ya mabuku ndi dzina la wamisala. Mabukuwo wawawerenga onse. Dzinalo usalitenge, ndi langa, ndalizolowera.

Upite bwino. Mulungu wa agogo ako akuperekeze, koma malangizo awo a kuseri kwa nkhokwe atsale kuno.

Ndine atate ako,
Yesaya Zulu.

Masana ano amayi ako anandipempha kuti ndikonze loko wa sutikesi yako, ndipo botolo linagubuduka kuchokera m'nsapato. Adokotala anakupatsa lodzaza pa Khirisimasi, nati likufikitsa nthawi yokolola. Otsalamo sakuphimba ndi pansi pomwe. Chimanga chidakali chachiwisi m'munda.